Tsiku Limene Ndinatcha Abambo Anga Msungamakasu

Ndikukumbukira liwu lina limene ana a masiku ano salidziwa, ndipo ine sindifuna kuwaphunzitsa. Liwulo ndi msungamakasu. Ndakhalako ku Lilongwe zaka zingapo, ndagulitsa kachewere pa Dedza Boma mpaka imvi kumera, koma sindinalimvepo pakamwa pa munthu wochokera kwina. Linali lathulathu, la midzi ya kuseri kwa phiri la Mphunzi, ndipo ngakhale kumeneko linkatuluka kwambiri m'kamwa mwa akuluakulu. Tanthauzo lake tonse tinkalidziwa: mlesi wotheratu, munthu amene anzake akawerama iye amasaka mthunzi, koma chakudya chikafika ndiye woyamba kusamba m'manja. Kunena munthu kuti ndi waulesi kunali kungomukanda. Kumutcha msungamakasu kunali kumuvula pagulu.

Ine ndinabadwa ndi pakamwa. Amayi ankati ndinayamba kuyankha ndisanayambe kuyenda, ndipo sindikuwatsutsa. Kusukulu ndinkapatsa anzanga mayina amene ankawamatirira mpaka kukula. Pali bambo wina, lero ndi katekisiti wolemekezeka, amene anthu amamutchabe Kabudula chifukwa cha ine, ndipo tikakumana kutchalitchi amandipatsa moni wa kumbali. Akuluakulu ankandikonda chifukwa ndinkawaseketsa. Tsono mwana akazindikira kuti akuluakulu amaseka zonena zake, saonanso polekezera. Chaka chimene ndikunenachi ndinali ndi zaka khumi, dzina langa Felesiya, mwana woyamba m'nyumba ya ana atatu.

Abambo anga anali mkamwini. Kwawo kunali cha ku Mayani, ndipo monga mwa mwambo wathu anadzamanga kumudzi kwa amayi n'kumalima munda wa mbumba ya amayi. Mkamwini kwathu sankamuyesa ndi nkhope kapena ndi mapemphero. Ankamuyesa ndi mizere. Ndili wakhanda anapita kukagwira ntchito ku migodi ya ku Joni, n'kubwerako nditayamba sukulu, atanyamula wailesi, bulangete lofiira lolemera, ndi majombo akuda ofika m'mawondo. Zaka zoyambirira atabwera palibe amene akanawanena. Ankalawirira kumunda mame asanaume, nkhungu idakali kuphimba phiri, ndipo nkhokwe yathu inkangoposedwa ndi ya amalume okha. Anali munthu wosalankhulalankhula. Akaseka ankagwira pakamwa ngati aba chinthu. Ine ankanditcha wailesi yawo yachiwiri, yosafuna mabatire, ndipo mapichesi akapsa kuseri kwa nyumba ankandisungira lalikulu m'thumba la jekete.

Kenako anayamba kuchedwa. Sizinachitike tsiku limodzi. Poyamba ankaweruka dzuwa lisanafike pamutu, pambuyo pake ankapita mochedwa n'kuwerukabe msanga. Akanakhala kuti anawonda, mwina anthu akanaganiza zina. Koma iwo ankaoneka ngati akunenepa. Nkhope inadzadza, mimba inatuluka, ndipo amayi ena pachitsime ankati mkamwini wa kwa a Gelevazio akukhuta chimanga cha eni. Majombo aja anasiya kuwavula. Ankapita nawo kutchalitchi, kumaliro, ngakhale kukhala nawo pakhonde dzuwa la Okutobala lili ng'aa. Anthu ankati ndi matama a ku Joni.

A Gelevazio anali achimwene awo a amayi, amalume athu, eni mbumba. Sindikufuna kuwanamizira nkhanza zimene analibe. Anali munthu wa khasu, manja awo okhakhala ngati khungwa la mtengo, ndipo sankamvetsa kuti mwamuna wa miyendo iwiri angakhale bwanji pansi dzuwa lili m'mwamba. Chaka chapitacho nkhokwe yathu inatha mvula isanagwe, ndipo ndi iwo amene ankabwera ndi dengu la chimanga pamutu sabata ndi sabata, osatiwerengera. Koma titakolola, tsiku lina ine ndikutonola chimanga kuseri kwa nkhokwe, ndinawamva akuuza amayi motsitsa mawu: "Chemwali, chaka chino n'chomaliza. Munda wa kumtunda uja mvula ikaupeza usanagalauzidwe, alamu apite kwawo. Sindingadyetse nyumba ziwiri mwini nyumba ali moyo."

Ine ndinamva zonse, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinkayang'ana munda uja ngati mlandu.

Inali ntchito yanga kupititsa madzi akumwa kumunda ndikaweruka kusukulu. Kawirikawiri ndinkaima kaye kuseri kwa chulu n'kumawaonerera. Ankakhapa kasanu, kasanu n'kamodzi, n'kuima atayedzamira khasu, kukamwa kuli yasa. Akapuma ankayambanso, koma mzere usanathe ankapita kukakhala pansi pa msuku umene unali m'malire a munda. Ndikatulukira ankadzidzimuka, n'kugwira khasu ngati angokhala kumene. Tsiku lina anandiuza kuti, "Usakawauze anthu kuti wandipeza nditakhala." Ndinavomera ndi mutu, koma mumtima munali mkwiyo. Anzanga kusukulu anali atayamba kale kundibwezera mayina. Ankati kwathu khasu limachita dzimbiri. Ine, amene ndinkaseka aliyense, ndinali nditasanduka chosekedwa chifukwa cha abambo, ndipo ndinkawada chifukwa cha zimenezo. Ndikunena mawu amenewa mosabisa, pakuti ndi mmene zinalili.

Okutobala atafika pakati, munda unali usanathe ngakhale theka. Kummwera mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo. Pamenepo amayi anaganiza zoitana dima. Achinyamata mwina sadziwa: dima ndi pamene mwini munda amaitana anthu a m'mudzi kudzalima limodzi tsiku limodzi, iye n'kuwakonzera chakudya ndi chakumwa. Palibe malipiro, kungoti mawa lake nawenso ukalima kwa mnzako. Amayi ananyika chimera, anaphika thobwa mitsuko itatu, anawiritsa nyemba ndi kachewere, n'kupha tambala wathu yekhayo. Amalume anavomera, koma anaika mawu awo. Anati anthu abwere, koma mwini munda alime ndime yake aliyense akuona.

Linali Loweruka. Ndikatseka maso ndimamvabe fungo la tsiku limenelo, la mapesi otenthedwa ndi la fumbi la dothi lofiira louma. Anabwera anthu oposa makumi awiri, amuna ndi akazi, ena ana kumbuyo. Anandanda kumunsi kwa munda, aliyense ndi mzere wake, n'kuyamba kukwera mtunda. Makasu ankagwa pamodzi, dothi n'kumagubuduka, akazi akuimba ndipo amuna akuvomera. Ine ndi anzanga awiri tinkatunga madzi ndi kuthamangitsa agalu pamiphika.

Abambo anayamba bwino. Mzere woyamba anali patsogolo pa onse, khasu likukwera ndi kutsika ngati kale, ndipo ndinamva kukoma mumtima moti ndinakodola mnzanga kuti aone. Mzere wachiwiri anthu anayamba kuwapitirira. Wachitatu, anawapitirira agogo a Nangozo, nkhalamba yopanda mano imene inkalima itamanga nsanza m'chiuno. Pamenepo abambo anaima. Anayedzamira khasu nthawi yaitali, malaya atanyoweratu. Kenako anatembenuka, anayenda pang'onopang'ono kudutsa mizere ya anzawo, n'kukakhala pansi pa msuku uja. Nyimbo inazilala, ngakhale makasu sanaime.

Dzuwa litafika pamutu amayi anaitana anthu ku thobwa. Mthunzi unali umodzi wokha m'munda monsemo, choncho aliyense anabwera pamsuku n'kuponya khasu lake patsinde, pomwe panali abambo. Popanda wokonza zimenezi, iwo anapezeka atazunguliridwa ndi makasu a mudzi wonse. Sanayang'ane aliyense. Anatola limodzi limene linali kugwedera pampini, anatenga mwala, n'kuyamba kulikhoma. Anthu ankamwa thobwa, aliyense akuganiza chinthu chimodzi.

Ndi amalume amene anayamba kulankhula. Anandiitana ndili ndi chikho m'manja. "Felesiya, iwe umabwera kuno tsiku ndi tsiku. Abambo akowa amalima chonchi masiku onse, kapena ndi lero lokha?"

Ndikanatha kunena kuti sindikudziwa. Ndikanatha kuthawa, monga amachitira ana akafunsidwa zovuta. Koma maso onse anali pa ine, ndipo ine maso a anthu ankandiledzeretsa. Liwu lija ndinali nditalimva kwa agogo a Nangozo akunena mdzukulu wawo, n'kulisunga podikira tsiku loti ndidzaligwiritse ntchito.

"Amalume, mukufunsiranji zooneka ndi maso?" ndinatero. "Ababa ndi msungamakasu. Mtengo uwu ukuwadziwa kuposa munda."

Anthu anafa nako kuseka. Bambo wina anatsamwa thobwa mpaka anzake kumumenya pamsana. Agogo a Nangozo anagwa chagada akuti mwana uyu adzatipha. Ndipo ine, Mulungu andikhululukire, ndinasangalala. Ndinaima pamenepo chikho m'manja ndikumwetulira ngati ndakhoza mayeso. Amayi okha ndi amene anatembenuka n'kuyamba kutakasa mphika wosafuna kutakasa. Abambo sanakweze mutu. Anamaliza kukhoma khasu lija, analiyesa pansi kawiri, n'kuliika pambali kuti mwini wake alitenge.

Munda unatha tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Koma amalume anati munda wolimidwa ndi anthu ena sufafaniza zimene mudzi wonse waona. Lamulungu lotsatira, titachokera ku Misa, ankhoswe a mbali zonse ziwiri anakhala pakhonde pathu. Ana anatithamangitsa, koma ine ndinabisala m'khitchini, mmene munali mng'alu woonera panja. Ndinamva amalume akufunsa kamodzi, ndipo ndiyenera kuwachitira umboni kuti anafunsa: "Alamu, kodi mukudwala?" Abambo anayankha kuti, "Ayi, ndili bwino." Amalume anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo ngati munthu akuti ali bwino, iwo sangamukakamize matenda. Kenako ananena mawu amene ndakhala nawo moyo wanga wonse. Anati ngakhale mwana wawo yemwe wanena, ndipo mwana sanama.

Popeza ukwati unali wa mu tchalitchi, palibe amene anatchula zoti watha. Anangoti abambo akapume kaye kwawo. Aliyense ankadziwa kuti kupuma kotero kulibe tsiku lobwerera. Nkhoswe ya ku Mayani inafunsa amayi ngati ali ndi mawu. Amayi anayang'ana pansi n'kunena kuti alibe.

Ananyamuka Lachiwiri m'mawa. Wailesi anatisiyira, bulangete anafunditsa mng'ono wanga amene anali asanadzuke. Anangotenga kachikwama ka zovala, ndipo amayi anandiuza kuti ndiwanyamulire mpaka kumsewu ndisanapite kusukulu. Njira yochokera kwathu imatsetsereka pakati pa matanthwe, kudutsa pafupi ndi mapanga aja amene makolo akale anajambulamo zithunzi. Ndi mtunda woti mwana amathamanga osapuma. Ife tinaima kanayi. Ine ndinkatsogola, ndikacheuka n'kuwapeza ali kumbuyo, dzanja pa mwala, akuyang'ana kuphiri ngati pali chimene akuona. Kachinayi anakhala pansi n'kundiuza kuti nanenso ndikhale.

"Liwu lija udalimva kwa ndani?" anandifunsa.

Ndinati kwa agogo a Nangozo. Ndinkayembekezera kukalipiridwa, ndipo yankho ndinali nditalikonza kale.

"Adakuuza kumene lidachokera?"

Ndinapukusa mutu.

Anapuma kaye, kenako anayamba kufotokoza, mawu pang'ono, mpweya, mawu pang'ono. "Kale, pa dima, munthu amene mphamvu zamuthera samamusiya kunyumba. Kaya ndi nkhalamba, kaya ndi wodwala, amamuitana ngati wina aliyense. Akafika amamukhazika pamthunzi n'kumuuza kuti, inu mutisungire makasu. Khasu likaguluka akhome, likabuntha anole. Tsono nthawi ya chakudya amadya limodzi ndi anzake osachita manyazi, poti nayenso wagwirako ntchito. Agogo anga aamuna adasunga makasu zaka zitatu asanamwalire, ndipo chikho choyamba chinkayambira kwa iwo. Pambuyo pake anyamata aulesi adayamba kuthamangira pamthunzipo, kunamizira msana. Liwu lidaonongekera pamenepo."

Anasiyira pomwepo n'kundiyang'ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo lero ndikudziwa kuti ankadikira. Munthu amene sakanatha kunena chinthu anali atachiika pafupi ndi mapazi anga kuti ndichitole ndekha. Ine, wochenjera wa m'mudzi, mwana wodziwa kuyankha, ndinkaganiza za chikwapu cha aphunzitsi ndikachedwa. Ndinati, "Tiyeni, ababa, matola akusiyani."

Anaseka pang'ono, dzanja pakamwa, n'kudzuka movutikira. Kumsewu sitinadikire nthawi yaitali. Galimoto itaima anandigwira pamutu n'kunena kuti, "Uziwathandiza amayi ako. Pakamwapo usapataye, koma uzipayang'anira." Anyamata awiri anawakoka manja kuti akwere kumbuyo, pakati pa matumba a kachewere. Ine ndinathamanga kupita kusukulu, ndipo ndinafika belu lisanalire.

Mvula inagwa bwino chaka chimenecho. Chimanga cha m'munda wa kumtunda chinabiriwira moti odutsa ankaima kuchiyamikira. Chitayamba kumasula ngayaye, m'mwezi wa Febuluwale, kunabwera munthu pa njinga kuchokera ku Mayani. Sanalowe m'nyumba. Anapita kaye kwa amalume, ndipo titaona amalume akubwera chipewa chili m'manja, amayi anakhala pansi pomwe anaima.

Pamaliro ndinalowa m'nyumba ya azakhali anga a Rozina, achemwali awo a abambo, mmene abambo ankagona miyezi yomaliza ija. Kuseri kwa chitseko ndinaona majombo aja. Anali atang'ambidwa ndi mpeni kuchokera pamwamba mpaka pa akakolo, onse awiri. Ndinafunsa kuti wawononga majombo a ababa ndi ndani. Azakhali anandiyang'ana ndi maso otupa n'kunena kuti, "Miyendo idakana kutuluka, mwanawe." Ndi pasiwa pomwepo, m'manong'onong'o a azimayi, pamene ndinamva zonse. Miyendo ya abambo inali itatupa ngati mitondo. Abale awo anawatengera kuchipatala mochedwa, ndipo kumeneko anati fumbi la m'migodi linawononga mapapo, mtima unatopa, thupi linadzaza madzi. Kunenepa kuja kumene anthu ankawanenera pachitsime kunali madzi. Amalume anakhala kumapeto kwa amuna, mutu pansi, tsiku lonse. Mpaka imfa yawo sindinawamvenso akutcha munthu aliyense waulesi.

Ine sindinalire pamaliro. Ndinalira patapita masabata, ndili ndekha, nditatumidwa kukathyola chimanga chachiwisi m'munda uja. Ndinaona msuku, ndinakumbukira mawu a pamwala paja, ndipo zonse zinalumikizana nthawi imodzi. Ndinakhala pakati pa mizere n'kulira mpaka mawu kutha. Kuyambira pamenepo anthu ankati Felesiya wakula, wasiya zachibwana. Sikunali kukula. Ndinkaopa pakamwa panga.

Funso limodzi linandivutitsa zaka zambiri: anabisiranji? Akanangovula majombo pamaso pa ankhoswe, palibe amene akanawathamangitsa. Yankho ndinalipeza nditakwatiwa, nditapita kukaonetsa mwana wanga woyamba kwa azakhali a Rozina. Tinali awiri pamphasa, ndipo ndinalimba mtima n'kufunsa.

"Iwe tsopano ndiwe mayi," anatero. "Kwanu kuja akadaona mwamuna watupa miyendo, akutsokomola, akadati chiyani?"

Sanafunikire kupitiriza. Ndinali nditalangizidwa kale, ndinkadziwa. Akanati ndi tsempho. Kwathu ankakhulupirira kuti mwamuna akatupa chonchi ndiye kuti mkazi wake wayenda ndi mwamuna wina, kenako n'kudzathira mchere mu ndiwo za mwamuna wake. Tchalitchi chinkaletsa zikhulupiriro zotere, koma tchalitchi chinali cha Lamulungu, ndipo masiku enawo anali a mudzi. Amayi anakhala okha zaka zonse zimene abambo anali ku Joni, ndipo mkazi wokhala yekha sasowa omunong'onezera. Akanawakhazika pakati pa anamkungwi, kuwapanikiza kuti atchule dzina la mwamuna amene kunalibe.

"Ndidamufunsa ali pamphasa," anatero azakhali. "Adati, bola anditche waulesi ine kusiyana n'kuti amayi a Felesiya awatche dzina linalo. Waulesi amachoka yekha. Dzina linalo limatsalira ana."

Nkhani imeneyi sindinawauze amayi. Ndinkati ndikuwateteza. Ndinkati munthu amene sakudziwa chimene mwamuna wake anamuchitira asadziwe, chifukwa chingamuswe mtima. Mlandu wa abambo ndinautenga ngati wanga ndekha, ndipo ndinayenda nawo kuchitengwa, ku Lilongwe, mpaka kubwerera ku Dedza.

Zinthu zasintha kwathu. Dima linatha. Lero amene ali ndi munda waukulu amalemba aganyu, ena amapopera mankhwala udzu n'kufa wokha, ndipo sindikumbukira kuti ndi liti pamene ndinamva anthu akuimba m'munda. Anyamata amapitabe ku Joni, koma pa basi, kukagwira m'mashopu ndi m'mabwalo a nyumba za anthu. Akamwini alipobe, koma ambiri amagula malo awo, ndipo malume wa masiku ano akati ayese kuthamangitsa mlamu wake, amamufunsa kuti malatawo anagula ndani. Za tsempho zimanong'onedwabe, sindinama, koma munthu akatupa miyendo pamapezeka mdzukulu wina wophunzira amene amati tiyeni kuchipatala.

Ndi mmene zinachitikira ndi amayi, zaka ziwiri zapitazo. Mapazi awo anayamba kutupa, akakwera kachitunda n'kumapuma mwawefuwefu. Sindinadikire. Ndinawakweza minibasi kupita nawo kuchipatala pa Boma. Anawayeza, anawapatsa timapilitsi tating'ono toyera, n'kuwauza kuti achepetse mchere. Patatha sabata imodzi kutupa kunaphwa.

Masana ena tinali pakhonde panga, ine ndikusankha nyemba m'lichero, iwo atatambasula miyendo padzuwa. Anayang'ana akakolo awo nthawi yaitali, kenako anamasula pa mfundo ya chitenje pamene ankasunga timapilitsi tija n'kutiika m'dzanja. "Timeneti basi?" anatero. Misozi inayamba kutsika. Ndinadziwa amene ankamuganizira. Ndinaika lichero pansi n'kuwauza zonse zimene azakhali anandiuza, ndikusankha mawu mosamala kwambiri kuposa mmene ndinasankhirapo m'moyo wanga.

Anandisiya mpaka ndinamaliza. Kenako anati, "Ukuyesa sindinkadziwa? Miyendo ija ndinkaithowa ndine, ndi madzi otentha, chitseko chotseka. Adandiuza kuti ndisanene kwa munthu, ndipo ine ndidavomera msanga, chifukwa ndinkaopa. Ndinkati akapita kwawo abale awo akawatengera kuchipatala, akachira adzabwera." Anapukuta nkhope ndi chitenje. "Iwe udanena zimene udaona ndi maso a mwana. Ine ndidaona zonse, ndipo ankhoswe atandifunsa ndidayang'ana pansi."

Ndinkayesa kuti tsiku lina munthu akadzandiuza kuti mlandu suli wanga ndekha, mtima udzapepuka. Sunapepuke. Tinangokhala pakhondepo amayi awiri, wina amene analankhula pamene ankayenera kukhala chete, wina amene anakhala chete pamene ankayenera kulankhula, ndipo munthu amene akanatikhululukira tonse anali atagona ku Mayani zaka zoposa makumi atatu. Ndinawagwira dzanja. Sindikumbukira kuti ndinayamba ndachitapo zimenezo.

Liwu lija linafa pamodzi ndi dima, ndipo sindilira maliro ake. Ana anga amati lova, amati waulesi, ndipo zimawakwanira. Chimene chimandipweteka n'chakuti pamene linkafika kwa ife linali litataya kale chifundo chake. Mudzi wonse unali ndi dzina la munthu wokhala pamthunzi anzake akulima, koma unali utaiwala chifukwa chimene makolo ankamukhazikirapo. Amene ankakumbukira anali mmodzi yekha, ndipo ndi amene tinamuseka. Abambo anamwalira ali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi. Ine ndawapitirira kale, ndipo ndimawaona tsopano ngati mng'ono wanga, munthu wotopa amene ankangofuna kuti wina amuuze kuti, khalani pansi, ife tilima.